Bakoda si Mzere wa pa Mjigo

Panali munthu wina ku Makhanga, tingomutchula kuti Maclean. Anali mlembi wa gulu la amayi owamba nsomba za makakana ndi milamba. Gululo linali ndi webusaiti, ndipo dzina la webusaitiyo analidinda pa matumba onse a nsomba. Ogula a ku Limbe ndi ku Lilongwe ankawapeza amayiwo kudzera pa dzinalo, osadzera kwa mavenda.

Dzina la pa intaneti sagula kamodzi n'kugona tulo. Amachita lendi chaka ndi chaka, ndipo uthenga wokumbutsa unkafika pa imelo ya Maclean.

Chaka china amayi aja anamuchotsa pa udindo chifukwa ankapatutsira ogula kwa mlamu wake. Wapampando wawo, mayi Esinala, anamuuza anthu akumva: "A Maclean, siyani cholemberacho patebulo. Takhuta." Makiyi a kabati anabweza. Za imelo sanatchule.

Mu Malichi madzi anasefukira, Makhanga n'kusanduka chilumba, netiweki kulibe. Maclean anali ku Bangula. Uthenga unabwera katatu kuti dzina likutha, iye anafufuta katatu konse. Maganizo ake anali oti dzinalo alitenge yekha, amayi aja adzamugwadire.

Anapita kwa Daliso, wokonza mafoni pamsika, kukafunsa njira.

"Kuli chimene amati bakoda," anatero Daliso. "Mumalembetsa ku kampani kuti dzina likangomasuka akugwirireni."

"Ooh, ngati kusiya chidebe pa mzere wa pa mjigo."

"Ayi achimwene. Pa mjigo woyamba ndiye amatunga. Uku mukalembetsa awiri, amakuikani pa okushoni ngati ng'ombe. Wokweza mtengo ndiye mwini."

"Ndani pa dziko lino angafune dzina la nsomba za ku Makhanga? Chidebe changa chili kutsogolo."

"Alipo anthu, ntchito yawo ndi yomweyo, kusaka mayina amene anthu anazolowera kale kulowapo. Dzina likatha silimasuka lero, eni ake amapatsidwa masabata oti aliwombole. Kawauzeni amayi aja nthawi ikadalipo."

"Iwe konza mafoni."

Maclean analembetsa bakodayo. Masabata amenewo ankakumana ndi mayi Esinala padoko, n'kumawapatsa moni wa mano onse. Sanawauze kanthu.

Dzina litamasuka, uthenga unabwera: olembetsa muli atatu, okushoni ndi ya masiku atatu. Anzake awiriwo analibe mayina, anali manambala chabe. Iye akakweza, iwo amakweza. Tsiku lachiwiri anagulitsa bwato lake motaya, nyengo imene bwato limadyetsa banja, kuti apeze ndalama zoponya pa okushoniyo. Tsiku lomaliza anadikira mphindi yotsiriza n'kuponya zonse. Wotchi ya okushoni inangowonjezera mphindi zina, nambala ina n'kuponya pamwamba pake. Basi.

Anathamangira kwa amene anagula bwato uja. Yankho linali lakuti, "Zogulitsa sizibwerera, achimwene. Mukafuna kuwoloka mulipira ngati aliyense."

Patapita sabata, Lucky, wogula wa ku Limbe, anaimbira mayi Esinala. "Mayi, mwasiya nsomba mwayamba juga? Ndalowa pa webusaiti yanu, ndapeza zobetcha mpira zokhazokha." Kenako mwini watsopano uja anawalembera kuti akafuna dzina lawo aligule, pa mtengo womangira nyumba ya malata.

Nkhaniyi inamufika Maclean. Anapita kumene amayi ankawamba nsomba, anagwada mu utsi momwemo n'kuulula zonse. Pomaliza anati, "Ndikagwira ganyu yodula nzimbe, tisonkhe, tikaliwombole."

Mayi Esinala anatembenuza mlamba pa waya, osamuyang'ana.

"Nkhabe. Takana."

"Mayi, ogula atayika."

"Ndati nkhabe. Madzi abwera kangati kudzatithamangitsa pano? Tachoka? Ndiye lero tigwadire munthu wopanda nkhope? Dzinalo alithire mchere adye. Wowamba nsomba si iye." Kenako anamuyang'ana. "Inu dzukani, mukutitchingira mphepo."

Tsiku lomwelo amayi anatembenuza matumba onse, kunja kukhala mkati, n'kulemba dzina latsopano ndi penti. Ogula anawaimbira mmodzimmodzi. Ena anabwerera, ena sanabwerenso mpaka lero. Uthenga wokumbutsa tsopano umafika pa mafoni a amayi atatu, ndipo tsiku lake analilemba ndi makala pakhoma la mosungira nsomba.

Wa juga uja analembanso kawiri, akutsitsa mtengo. Sanamuyankhe.

Koma dzina limene linatayikiratu ndi la mlembi uja. Padoko palibe amamuitana ndi dzina la ubatizo. Amati, "A Bakoda, mukuwoloka? Chidebe chanu chili kutsogolo, koma lipirani." Musavutike kumufufuza. Amene ndimayankha akaitana choncho ndine, ndipo ofuna kuseka asekeretu, ine ndanena ndi pakamwa panga.

Phunziro: Dzina la gulu lisamakhale pa imelo ya munthu mmodzi, ndipo lipirani lisanathe. Bakoda si mzere wa pa mjigo. Ukadikira kuti cha mnzako chigwe, dziwa kuti alipo ena amphamvu kuposa iwe akudikira pomwepo. Ndipo wokuberani dzina akafuna kukugulitsani, kumbukirani mawu a mayi Esinala. Tumizani izi ku magulu a mpingo, a alimi ndi a asodzi, makamaka kwa alembi amene angochotsedwa kumene.