Odi Amene Anachedwa Kuyankhidwa

Holide ya kunja ya bambo wina inali itatha, mawa lake ulendo wa pandege. Kutada, bamboyo anatsika kukapempha wolandira alendo pahotela kuti galimoto yopita kubwalo la ndege ilawirire. Atabwerera m'chipinda anapeza mkazi wake watsopano akusamba, iye n'kuyamba kulongedza zovala m'sutikesi.

"Odi!"

"Lowani," pakamwa pake panayankha pokha.

Kenako anasiya kulongedza. Kuno anthu amangogogoda, nanga ndani angaodire m'Chichewa? Odi wokoka chonchi, wothera m'chifuwa, anamumva komaliza chaka chatha kunyumba. Tsiku limenelo mkazi wake woyamba, mayi wa ana ake, anaima pakhomo akudwala, mvula ikumukhuthukira, iye atakhoma chitseko n'kukweza wailesi. Sabata isanathe anamuika m'manda.

Chitseko sichinatseguke. Koma pakapeti panayamba kuoneka mapazi onyowa, limodzilimodzi, mpaka pambali pa bedi. Matiresi analowa pansi ngati pakhala munthu.

"Zikomo, bambo a ana," anatero mawu aja pafupi ndi khutu lake. "Mwachedwa kuyankha, koma mwayankha."

"Mukulankhula ndi ndani kumeneko?" anafuula mkazi watsopano ali kubafa.

Bamboyo anayang'ana m'manja mwake. Malaya amene anali atagwira anayamba kudontha madzi.

"Muuzeni mng'ono wangayo kuti mpando wa pawindo ndi wanga," mawuwo ananong'ona. "Mawa tikwera atatu. Zotsika tikaonera komweko."