Mawanga pa Khungu la Telala

Amake mapasa anakhala pampando wachitsulo pafupi ndi bedi la mlongo wawo, maso ali pa mlamu wawo. Mkaziyo ankapukuta thukuta pamphumi pa mwamuna wake ndi kansalu konyowa, modekha ngati munthu wosadziwa kanthu.

Wodwalayo anali telala. Kale makina ake ankalira tsiku lonse, koma tsopano zala zinali zitachita dzanzi moti ulusi sankathanso kuulowetsa pasingano. M'zikhatho munatuluka tinthu touma ngati njerewere. Kumsana kunachita mawangamawanga akuda, ndipo chilichonse chimene wadya chinkabwerera.

Achipatala anamumeta tsitsi pang'ono, kumuwenga zikhadabo, n'kutumiza kokapima. Yankho linabwera loti m'thupi mwake muli chiphe chotchedwa aseniki. Sichinalowe tsiku limodzi ayi. Chinkalowa pang'onopang'ono kwa zaka, chopanda fungo, chosamveka pakamwa.

Amake mapasa sanadabwe. Iwo anamukayikira mkaziyu kuyambira tsiku la ukwati. Anali wofatsa mopitirira muyeso, wosayankha ngakhale umutukwane, ndipo iwo ankati munthu wotere mtima wake suoneka pansi. Nanga anthu awiri ogona nyumba imodzi, wina n'kumatha ngati kandulo, wina khungu lili see, pamenepo pafunikanso kuombeza? Abale onse anali atawauza kale. Amuna awo anali panja pa chipatala, akungodikira mawu amodzi kuti akatule nkhaniyi kupolisi.

Chitseko chinatseguka, dokotala n'kulowa. Anali mayi wamtali wosakonda kuseka. Anayang'ana wodwalayo kaye, kenako mkazi wake.

"Anzathu a zaumoyo anafika kunyumba kwanu, mayi. Apima madzi a pampopi, zakudya, ziwiya, zonse. Sanapezemo kanthu."

"Anabisa ameneyu," anatero amake mapasa, mawu ali pansipansi. "Munthu wochita zoterezi angasiye umboni poyera?"

Mkazi wa telala anangopinda kansalu kaja, osadzutsa mutu.

"Chiphe chimenechi kawirikawiri sachita kuthira munthu," dokotala anatero. "Chimakhala m'miyala ya pansi pa nthaka, n'kumasungunukira m'madzi a zitsime zina. Madzi ake amaoneka oyera bwinobwino, ndipo kuwiritsa sikuchichotsa. Aliyense amene akumwa kumene amamwa bambowa ali pangozi yomweyi. Kwa ena chimachedwa kuonekera, koma ana ndiye chimawapweteka kwambiri."

Amake mapasa anafwenthera pambali. Za miyalazo anaziona ngati nthano zopulumutsira mfiti. Anaimirira n'kumanga chitenje, okonzeka kukaitana amuna awo.

"Musanatuluke," anatero dokotala, "wina andiuze. Ngati si kunyumba kwawo, bambowa amamwa kuti?"

Telala anatsegula maso, n'kuwatsekanso. Mkazi wake ndiye anayankha, koyamba tsiku limenelo.

"Madzi a kwathu samwa, adokotala. Alamu anga omwewa anawaletsa chaka chimene tinakwatirana, ati ndingawathirire mankhwala. Alamuwo ndiwo amawadzazira chigubu m'mawa uliwonse, pachitsime chimene anakumbitsa kuseri kwa nyumba yawo."

Dokotala anatembenukira kwa amake mapasa, amene dzanja lawo linali litaumira pachitseko.

"Mayi, kunyumba kwanu kuli ana?"