Bambo Adzipereka ku Polisi

"Ndimangeni," anatero bambo, akuika laputopu pa tebulo la wapolisi. Pambali pake anaponyapo kaseti ya gemu yakalekale.

Mwana wawo, loya, anawapeza thukuta lili kamukamu. "Bambo, tiyeni kunyumba. Ine ndimangokuchenjezani kuti eni gemuyi sanalole kuti iziseweredwa ulere pa intaneti."

"Unanditcha wakuba pamaso pa adzukulu anga," anayankha bambo osamuyang'ana n'komwe. "Kasetiyi ndinagula ndekha iwe usanabadwe. Makina ake anafa, ndipo kampani inasiya kuwapanga. Ndiye ndiziingoyang'ana ngati chithunzi? Ngati kusewera pa intaneti n'kuba, anditsekere lero lomwe."

Wapolisi anakanda m'mutu. "Tione kaye umboniwo."

Bambo anatsegula tsambalo. Kanyimbo konga kulira kwa nkhululu kanamveka, kamunthu n'kuyamba kudumpha maenje. Anakawolotsa pa mlatho wamoto osapsa ngakhale chala.

Wapolisi anakokera mpando pafupi. "Bwererani pamlathopo, bambo. Ine pamenepa panandikanika kuyambira ndili mwana."

Kenako anatembenukira kwa loya uja.

"Inu dikirani panja. Tikufufuza."