Malo a Mbuzi M'bwato

Madzi osefukira a mtsinje wa Ruo atafika pakhomo, bambo Lorenso anayamba kusankha zolowa m'bwato. Anakweza thumba la mapira, mbuzi, ndi buku la ukalaliki la mwana wawo wamwamuna, Gideon. Khadi la chipani analipisa m'chipewa kuti lisanyowe. Kenaka analoza mtolo umene mwana wawo wamkazi, Emelia, anakwera nawo ataukumbatira.

"Zimenezo siya. Bwato lalemera."

"Ndi mabuku a mayeso, Baba," anatero Emelia chapansipansi. "Mbiri yakale ndi ndakatulo."

"Mbiri! Kukampani ya nzimbe adzakulemba ntchito yolakatula ndakatulo? Mlongo wakoyu akuphunzira zodyetsa anthu. Iwe uli kalikiliki kuloweza za anthu akufa."

Gideon anaseka. "Ingowaponya m'madzi, ng'ona nazo ziphunzireko."

Emelia anaugwiritsitsa mtolo wake. M'mabukumo ndi mmene adaphunzira kufunsa chifukwa chake mtengo wa thonje la bambo akewo umanenedwa ndi wogula, funso limene eni akewo ankaopa kulitchula ngakhale m'nyumba. Ndiye lero mbuzi ikwere, mabuku amire? Mbuzi yomweyi, imene inamudyera malaya a sukulu pachingwe!

Chibadwire anali asanabwezepo mawu kwa bambo ake, ndipo sanayambe tsikulo. Anamanga mtolowo m'chitenje, nausenza pamutu, n'kutsika m'bwatomo. Madzi anamulekeza m'chifuwa.

"Iwe mwana, ng'ona!" anakuwa mayi ake.

"Lapepukatu tsopano, Baba," anatero osacheuka. "Palasani."

Bambo Lorenso anagwira nkhafi, koma sanapalase. Anayang'ana mwanayo, nayang'ananso mbuzi.