Kadzanja Pakhosi

Ndinamuvula mwana wanga kachipangizo komuthandiza kumva, n'kukaika pawindo kuti kasanyowe posamba. Kakachoka kukhutu kwake, samva chilichonse.

Asanamuchite opaleshoni ya khutu, nyimbo zanga ankazimva ndi dzanja. Ankaligunditsa pakhosi panga, ine n'kumaimba, iye n'kumaseka kunjenjemerako.

Aphunzitsi ake a kalankhulidwe analetsa zimenezo. "Mayi, muziima kumbuyo kwake, asaone milomo yanu, asakugwireni. Khutu lizolowere kugwira ntchito lokha."

Ndinamvera, ndipo zinathandiza. Pano amati "madzi", amati "nsapato", koma mawu amene amawatha kwambiri ndi "ayi". Khosi langa lokha ndiye analiiwala.

Ndikumuthira madzi kumsana, ndinangozindikira ndikuimba chapansipansi nyimbo yathu yakale ija. Atatembenuka anaona milomo yanga ikuyenda, n'kundiyang'anitsitsa pakamwa. Kenako kadzanja kathovu kanakwera pang'onopang'ono, n'kukapeza malo ake akale, pansi pa chibwano changa.

"Amama," anatero ndi mawu ake okhotakhota aja, "imbani."

Madzi anali atayamba kuzizira. Thaulo linali paphewa panga, kachipangizo kali pomwepo pawindo.

Ndinayambiranso nyimboyo pachiyambi.