Jazi wa Kunja

"Kuno sitifuna nyimbo zakumudzi, achimwene," anatero manijala wa hotela. "Imbani jazi weniweni, wakunja. Mukalephera, khomo ndi ilo."

Wofuna ntchitoyo anakhala pa piyano. Chiikireni mayi ake m'manda, zala zake zinkangokumbuka nyimbo imodzi, imene mayiwo ankamugonetsa nayo ali kumsana. Anaipotoza, kuithyolathyola ndi kuithamangitsa kuti isadziwike.

"Wamva?" manijala anafunsa woperekera zakumwa. "Izi ndiye za anthu ophunzira. Amayi ako sangatolepo kanthu apa. Ameneyu ayambe mawa."

"Zoona, bwana," anayankha mtsikanayo, akubisa nkhope.

Woimbayo atadzutsa mutu, anaona manijala atakumbatira chikwama chake pachifuwa, akuchisisita ndi kuchigwedeza pang'onopang'ono kuti chigone.