Mvula Imene Sinagwe

Dzuwa linatulukanso ana onse atapita kale. Mayi Mwandida Sakala, mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya ku Vubwi, anaima pakhonde n'kumayang'ana mitambo yakuda ikutsetserekera ku Mozambique osagwetsa ngakhale dontho.

Ndiwo amene analiza belu lowerukira m'mawa umenewo, mayeso a masamu ali pakati. Ana ambiri amawoloka kamtsinje ka kumunsi, kamene kamadzaza mosachenjeza mvula ikagwa kumapiri.

A Wilfred Mbewe, wachiwiri wawo, anabwera atanyamula mapepala olembedwa theka.

"Amayi, mayesowa awonongeka. Ana awona mafunso onse, tiyenera kukonza ena. Makolonso atiseka kuti tathawa mthunzi."

"Atisekadi," anayankha mayi Sakala.

Anatsika limodzi mpaka powolokera. Madzi anali olekeza mu akakolo, oyera, timiyala tikuwoneka pansi. Pamatope panali timapazi tambirimbiri, tonse toloza kutsidya. Mayi Sakala anawerama n'kuyang'anitsitsa kamodzi kakang'ono kwambiri, ka mwana wopanda nsapato. Zinawapweteka ndithu kuti ntchito ya sabata yonse yapita pachabe, koma atadzifunsa mumtima anapeza kuti manyazi alibe.

"Ndiye tikawauze makolo kuti tinalakwitsa?" anafunsa a Mbewe.

"Tikawauze zimene tinawona. Mitambo ija munaiwona nanunso, ndipo panthawi ija palibe akanadziwa kumene mvula ikagwere."

A Mbewe anafunsanso kuti, "Nanga mawa mitambo ikabweranso chimodzimodzi?"

"Belu mudzaliza ndinu. Ine ndidzatsogola kudzaima pano."